Kalata yochokera ku Jaipur, mzinda wa amisiri

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi agogo, alongo anga ndi onse a pamudzi pathu. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda, ndipo ndalama za feteleza wobereketsa zimene ndinatumiza kudzera kwa malume ndikuyembekeza kuti zinafika mvula isanapitirire. Munandipempha kuti ndikufotokozereni za mzinda umene ndikukhalawu ndi za anthu ake, popeza pafoni timangofunsana za moyo ndi za kumunda. Ndalemba mofatsa kuti wina awawerengerenso agogo.

Jaipur ndi likulu la chigawo cha Rajasthan, kumpoto chakumadzulo kwa India, dera louma limene mbali yake ina ndi chipululu cha Thar. Mumzindawu mumakhala anthu oposa 3 miliyoni. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 1727 ndi mfumu Sawai Jai Singh II, imene poyamba inkakhala ku Amber, m'mapiri, makilomita 11 kuchokera pano, koma itaona kuti anthu achuluka ndipo madzi akuperewera inaganiza zotsikira kuchigwa. Mzindawu sunakule mwachisawawa ayi. Mfumuyo ndi katswiri wake wa zomangamanga, Vidyadhar Bhattacharya, anayamba aulemba papepala, misewu yake yowongoka ndi yotakata, yodutsana pamabwalo akuluakulu, kenaka anauzinga ndi linga lokhala ndi zipata zimene zilipo mpaka lero. M'chaka cha 1876 nyumba za m'misewu ikuluikulu zinapakidwa utoto wofiirira polandira mwana wa Mfumukazi Victoria wa ku Britain, ndipo kuyambira pamenepo eni nyumba za m'misewuyi amasunga mtundu umenewo. N'chifukwa chake alendo amautcha Pink City. M'chaka cha 2019 bungwe la UNESCO linaika mzinda wa m'kati mwa lingawu pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Chimene ndikufuna kuti mumvetse, Bambo, n'chakuti m'kati mwa lingali si malo ongoonetsa alendo. Anthu amagona momwemo, amaphika momwemo, amagwira ntchito momwemo, ndipo ambiri akugwira ntchito imene makolo awo anaitanidwira mzindawu ukumangidwa. Mfumu ija inaitana amisiri ndi amalonda kuchokera m'madera osiyanasiyana n'kuwapatsa misewu yawoyawo, kotero kuti mpaka lero munthu ukafuna ziwiya zamkuwa umadziwa msewu wake, ukafuna nsalu kapena miyala yosemedwa umadziwanso kolowera.

Ine ndimagwira ntchito kufupi ndi Johari Bazaar, msika wa miyala yamtengo wapatali ndi zokongoletsera zagolide. Ntchito yanga ndi yosankha miyala yosasema malinga ndi kukula, mtundu ndi ming'alu yake, ndiponso kumasulira pamene kwabwera ogulitsa a kwathu kuno ku Africa. Ndati kwathu kuno mwachizolowezi, koma mwamva chimene ndikutanthauza. Miyala yobiriwira ya emerald yambiri imene imasemedwa mumzinda uno imachokera ku Zambia, m'boma la Lufwanyama, ndipo miyala yofiira ya ruby ya ku Montepuez ku Mozambique imafikanso. Ndikamaona miyala yofiira patebulo ndimakumbukira phiri la Chimwadzulu kwathu ku Ntcheu.

Pamwamba pa malo athu antchito pali kachipinda kamene mumakhala mmisiri wina wachikulire, Msilamu, yemwe anaphunzira ntchitoyi kwa bambo ake ali mwana. Amakhala pansi atapinda miyendo, patsogolo pake pali gudumu lopyapyala lachitsulo lozungulira. Amatenga kamwala kochepa kuposa njere ya nyemba, amakamata ndi phula kunsonga ya kamtengo, n'kukagunditsa pagudumupo pang'ono chabe, kenaka amakanyamula, kukayang'ana pakuwala kwa pawindo, n'kukatembenuza pang'ono kuti apere mbali ina. Amachita zimenezi mobwerezabwereza mpaka kamwala kamene kanabwera kotuwa kayambe kunyezimira mbali zonse. Salankhula akamagwira ntchito, chifukwa akalakwitsa kamodzi mwala ung'aluka ndipo ndalama zambiri zatayika. Mdzukulu wake amakhala pambali pake akaweruka kusukulu, ndipo panopa amangololedwa kumata miyala ndi kuitsuka. Pansi, m'misewu yopapatiza, amkhalapakati amayenda ndi timapepala toyera topindidwa bwino m'matumba a malaya, mkati mwake muli chuma choti n'kugulira nyumba, ndipo ena achikulire amagwirizanabe mtengo pogwirana zala pansi pa kansalu kuti oyandikana nawo asamve. Malonda ambiri amayenda pa chikhulupiriro, poti banja lililonse limadziwika, ndipo wonyenga mnzake kamodzi sapezanso womupatsa katundu.

Zimenezi zimandisangalatsa komanso zimandiwawa. Mwala umachoka kwathu uli wosasema, wokumba amalandira zochepa, ndipo mtengo wake weniweni umabadwira m'manja mwa mmisiri wa kuno. Nthaka ya Jaipur si imene imatulutsa miyala imeneyi. Chimene mzindawu uli nacho ndi luso limene mabanja analisunga osalitaya, ndipo luso limenelo ndi limene likudyetsa anthu miyandamiyanda.

Msewu wina umene mayi angaukonde ndi Maniharon ka Rasta, kumene amapanga zibangili ndi utomoni umene tizilombo tina timasiya panthambi za mitengo. Mmisiri amakhala ndi mbaula ya makala, amafewetsa utomoniwo pamoto, amaupaka mtundu, amaukulunga pathabwa mpaka utalike, n'kuupinda molingana ndi dzanja la wogula yemwe wakhala pomwepo akudikira. Opanga ambiri ndi Asilamu, pamene ogula ambiri ndi akazi Achihindu amene amavala zibangilizi paukwati ndi pa zikondwerero monga chizindikiro chakuti ali pabanja. Kunja kwa mzinda, ku Sanganer ndi ku Bagru, kuli mabanja odinda nsalu ndi zidindo zamatabwa zosemedwa maluwa, ndipo ku Bagru amamata dothi pansalu asanainyike mu utoto kuti pamene pali dothipo pasalowe mtundu. Ndagula nsalu ziwiri za kumeneko, ya mayi ndi ya agogo.

Sindikubisirani kuti kusiyirana ntchito kotereku kuli ndi mbali yake yoipa. Pakati pa anthu a kuno pali magulu obadwa nawo, ena oyesedwa apamwamba, ena apansi, ndipo monga mwana wa wosema miyala amayembekezeka kusema miyala, mwana wa wosesa m'misewu kwa nthawi yaitali ankayembekezeka kusesa basi. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1950, analetsa kusala munthu chifukwa cha gulu limene anabadwiramo, ndipo achinyamata ambiri akuphunzira n'kupeza ntchito zina. Komabe pankhani ya ukwati mabanja ambiri amayang'anabe gulu, ndipo ndaona ndi maso anga wantchito wina akupatsidwa tiyi m'kapu yakeyake yosungidwa padera. Mwambo umenewu sindingauyamikire. Inenso monga munthu wakuda anthu ena amandiyang'anitsitsa mumsewu, ndipo kupeza nyumba yalendi kunandivuta, ngakhale kuti banja limene linandilandira likundisunga ngati mwana wawo.

Malo amene alendo amadzera ndi ambiri, ndipo ndingotchulako ochepa. Hawa Mahal ndi nyumba yosanjikizana kasanu imene inamangidwa mu 1799, yokhala ndi timawindo 953, ndipo anaimanga kuti akazi a kunyumba yachifumu, omwe sankaloledwa kuonekera pagulu, azionera zochitika mumsewu iwo osaoneka. Linga la Amber, limene mfumu Raja Man Singh inayamba kumanga mu 1592, lili pamwamba pa phiri, ndipo alendo ena amakwera njovu popita kumeneko, chinthu chimene anthu ambiri tsopano akuchitsutsa chifukwa cha kuzunzika kwa nyamazo. Malo amene anandigwira mtima kwambiri ndi Jantar Mantar, bwalo la zipangizo 19 zamiyala zimene Jai Singh anamangitsa poyeza kayendedwe ka dzuwa ndi nyenyezi. Chachikulu mwa izo ndi khoma lotsetsereka lotalika mamita 27, limene mthunzi wake umasonyeza nthawi, ndipo ukaimirira pafupi umauona ukuyenda pang'onopang'ono pamizere yolembedwa pamwala. M'nyumba yachifumu, momwe mbali ina mukukhalabe banja lachifumu ngakhale kuti mafumu alibenso ulamuliro, muli mitsuko iwiri yasiliva yaitali ngati munthu. Mfumu Madho Singh II popita ku England mu 1902 kukaonerera kulongedwa ufumu kwa Edward VII inanyamuliramo madzi a mumtsinje wa Ganga, wopatulika kwa Ahindu, chifukwa monga Mhindu wodzipereka sinkafuna kumwa madzi achilendo.

Za ulemu, Mayi, anthu a kuno sitisiyana nawo kwenikweni. Mwana akakumana ndi wamkulu amawerama n'kukhudza mapazi ake, wamkuluyo n'kumuika dzanja pamutu pomudalitsa. Nsapato zimavulidwa pakhomo la nyumba ndi la kachisi. Mkamwana amakakhala kwa mwamuna, pamodzi ndi apongozi ake m'nyumba imodzi, ndipo m'mabanja osunga mwambo amaphimba nkhope ndi nsalu pamaso pa akuluakulu a kuchimuna. Chimene chingakudabwitseni n'chakuti paukwati a kuchikazi ndiwo amayembekezeka kupereka chuma kwa a kuchimuna, ngakhale kuti lamulo la 1961 linaletsa zimenezo. M'mawa uliwonse, kusanache, khamu la anthu limathamangira ku kachisi wa Govind Dev Ji kukaimba nyimbo asanatsegule masitolo awo, ndipo nthawi yomweyo kumamveka kuitana kwa m'mizikiti. Ng'ombe zimayenda momasuka m'misewu popeza Ahindu amazilemekeza, ndipo amayi ambiri amapatula chapati choyamba kuti apatse ng'ombe banja lisanadye. Abwana anga ndi a chipembedzo cha Jain. Iwo sadya nyama, mazira, anyezi kapena mbatata, ndipo dzuwa likalowa sadyanso kanthu, poopa kupha ngakhale kachilombo kakang'ono.

Chakudya chodziwika cha chigawo chino ndi dal baati churma, timibulu ta ufa wa tirigu tootchedwa pamakala, timene amatinyema n'kutithira mafuta a mkaka wa ng'ombe, ndiwo zake n'kukhala mphodza ndi nyemba zina zophikidwa mpaka kuphwanyika. Bambo mudziwe kuti nandolo ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku m'dziko lino, amamusenda n'kumugawa pakati, ndipo wina mwa iye amachokera ku Malawi konko. Nsima ndimaphika ndekha Lamlungu ndi ufa wachimanga wachikasu umene umapezeka nyengo yozizira ino.

Pa 14 Januwale panali chikondwerero cha Makar Sankranti, ndipo tsiku limenelo mzinda wonse unasamukira pamadenga. Nyumba za kuno zili ndi madenga afulati, choncho banja limene ndimakhala nalo linakwera m'mawa ndi mphasa, wailesi ndi mbale za maswiti a chitowe. Kumwamba kunadzaza makaiti apepala a mitundu yonse, agogo aamuna a m'nyumbamo atagwira ulusi, kamdzukulu kawo katagwira chokulungira ulusicho kumbuyo kwawo. Cholinga ndi kudula ulusi wa mnzako, ndipo kaiti ina ikaduka denga lonse limakuwa, ana n'kuyamba kuithamangira m'misewu. Madzulo anayatsa nyali zapepala zouluka ndi makombola. Choipa chake n'chakuti ulusi wina amaupaka magalasi opera, ndipo umacheka mbalame ngakhalenso anthu oyenda panjinga zamoto, kotero kuti achinyamata odzipereka amakhazikitsa misasa yothandizira mbalame zovulala.

Panopa kukuzizira kwambiri usiku, koma pofika mwezi wa Meyi kumatentha mpaka madigiri 45, ndipo mvula imadzayamba chakumapeto kwa Juni kapena mu Julayi. Madzi ndi nkhani yaikulu. Makolo a anthu a kuno ankakumba zitsime zakuya zokhala ndi masitepe m'mbali mwake kuti munthu azitsika kutsatira madzi akamaphwera, monga Panna Meena ka Kund kufupi ndi Amber, koma masiku ano mzindawu umadalira damu la Bisalpur lomwe lili kutali, ndipo m'mipopi madzi amatuluka kanthawi kochepa patsiku. Nyengo yotentha anthu amaika mitsuko yadothi m'mbali mwa msewu kuti aliyense wodutsa amwe kwaulere. Mvula ikayamba akazi amavala zobiriwira n'kuchita chikondwerero cha Teej, pamene fano la mulungu wawo wamkazi Parvati limanyamulidwa kuchoka kunyumba yachifumu kudutsa mu Tripolia Bazaar.

Ndili ndi pempho kwa inu, Bambo. Mmisiri wachikulire uja wavomera kundiphunzitsa kusema miyala ndikaweruka, ndipo ndayamba ndi miyala yotsika mtengo. Ndikufuna kuti pa ndalama zimene ndizitumiza kuyambira mwezi wamawa muzipatulako gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti ndikadzabwerera ndidzagule makina operera miyala. Mng'ono wanga akamaliza mayeso a Fomu 4 musamulole kuthamangira ku Joni, ayambe wadikira kuti tikambirane, chifukwa ntchito imeneyi imafuna anthu awiri ndipo iye ali ndi maso akuthwa ndi manja odekha. Nsalu zija ndipatsira mnzanga wa ku Balaka yemwe akubwera kumudzi mwezi wa Malichi.

Mupereke moni kwa agogo, kwa malume ndi azakhali, kwa a mfumu ndi kwa onse a kumpingo. Mundiuze m'mene chimanga chikuonekera kumunda wa kudambo.

Ine mwana wanu,
ku Jaipur, India