Lipoti la msonkhano: mankhwala osungunula gutta-percha pobwereza chithandizo cha muzu wa dzino

Kwa akuluakulu ndi anzanga nonse ogwira ntchito ya mano m'boma lathu la Mangochi,

Munandituma ku Blantyre ku msonkhano wa za mano, ndipo ndabwerako bwino. Nkhani zinali zambiri, koma ndikhazikika pa imodzi: kubwereza chithandizo cha muzu wa dzino choyamba chikalephera. Ena munena kuti kuno ntchito yathu yaikulu ndi kuzula. N'zoona ndithu. Koma abale athu amene anathandizidwa muzu ku Blantyre kapena ku Johannesburg amafikira kwa ife dzino likayambanso kuwawa, ndipo si dzino lililonse lotere loyenera kuzulidwa.

Pobwereza timayamba kuchotsa gutta-percha (chotsekera ngalande chonga labala) ndi sealer (phala loimatira ku makoma) wakale m'ngalande ya muzu. Apa m'pamene ambiri amathamangira mankhwala osungunula: chloroform, xylene, eucalyptol wa ku mtengo wa bulugamu, kapena mafuta a makoko a malalanje. Chloroform ndiye amasungunula msanga, koma bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linamuika m'gulu 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, ndipo ku America bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala, linaletsa mu 1976 kumuika m'mankhwala ndi m'zodzola. Amawira pa madigiri 61 a Celsius okha. Taganizani kutentha kwa kuno mu Okutobala, m'kachipinda ka zenera limodzi. Botolo likangotsegulidwa, mpweya wake tiupuma ndife ndi wodwala yemwe.

Chimene ndikufuna tichigwiritsitse ndi ichi: gutta-percha ikasungunuka sichoka yonse. Imafewa n'kumamata, ndipo faelo (kachitsulo koyeretsera ngalande) ikamalowa ndi kutuluka imaipaka m'makoma a ngalande, n'kuikankhira m'timabowo ting'onoting'ono ta dentini, gawo lolimba la m'kati mwa dzino. Ku msonkhanoko anationetsa zithunzi za maikulosikopu. M'ngalande yoyeretsedwa ndi mafaelo okha, timabowo tambiri tinali totseguka. M'ngalande yothiridwa mankhwala, tambiri tinali totsekeka ndi zotsalira, chonsecho ndi maso imaoneka yoyera bwino. Sealer watsopano amagwira akakhudza dentini yeniyeniyo ndi kulowa m'timabowoto. Akapeza tatsekeka amangokhala pamwamba pa zakale, ngati pulasitala pa khoma lopaka mafuta, ndipo mpata ukatsala tizilombo timapeza njira.

Dentini nayo imakhudzidwa: chloroform ndi xylene akakhalitsapo amaichepetsa kulimba. Pa za kumamatira kwa sealer wa resin monga AH Plus, ofufuza sagwirizana. Ena anapeza kuti kumachepa pambuyo pa chloroform, ena sanaone kusiyana. Eucalyptol ndi mafuta a malalanje ndi ofatsa koma amachedwa, ndipo akapanda kutsukidwa amasiya mafuta pakhoma. Sealer wa bioceramic mankhwala amenewa samusungunula kwenikweni, kotero kuthirapo n'kungotaya nthawi.

Ine kuona kwanga, mankhwala osungunula asakhale poyambira. Tiyambe ndi kachitsulo koboolera ka Gates Glidden kapena chida chotentha kumtunda kwa ngalande, kenako mafaelo a Hedstrom. Pakalimba m'pomwe tidonthetse dontho limodzi kapena awiri, osati kufupi ndi nsonga ya muzu, chifukwa akadutsa pamenepo amapsereza minofu ndipo wodwala amavutika ndi ululu. Zosungunukazo tizimwetse ndi timapepala toumitsira mpaka tizituluka toyera. Tikatero titsuke ndi sodium hypochlorite, kenako EDTA ya 17 peresenti kwa mphindi imodzi, tiumitse, tijambule X-ray tisanatseke. Zonsezi zichitike rubber dam (kansalu ka labala kotchinga dzino ku malovu) ili pakamwa. Popanda iyo, ntchitoyi tisaiyambe n'komwe.

Pempho langa ndi lakuti pokumana mwezi wamawa, aliyense, kaya wa pa boma, wa ku Monkey Bay, Namwera kapena Makanjira, abwere atalemba zimene ali nazo: EDTA, rubber dam, mafaelo ndi makina a X-ray ogwira ntchito. Tikaona zimenezo tigwirizane kumene tizitumiza odwala otere. Zithunzi zija ndinazipempha, ndidzabwera nazo kuti mudzadzionere nokha.

Zikomo kwambiri pondikhulupirira.