Lipoti la msonkhano wa kadyedwe ndi mavitamini

Abale ndi alongo nonse a m'gulu, ndabwerako ku msonkhano munandituma uja ndipo ndati ndilembe lipoti zinthu zikadali m'mutu. Ndikudziwa kuti ena simunakondwe ndi ndalama ya thiransipoti ndi alawansi imene inatuluka m'thumba la gulu, zinandipeza zimene zinayankhulidwa nditanyamuka. Marisiti onse ndasiya kwa amsungichuma, wofuna kuwaona akawaone. Koma werengani kaye mpaka kumapeto, chifukwa zimene ndamva kumeneko zikukhudza nkhani ija takhala tikukokanakokana, yogula mabotolo a mavitamini a mamembala.

Tsiku loyamba kum'mawa kunali kutsegulira, zoyankhula za akuluakulu ndi kudziwana mayina, palibe choti ndikuuzeni pamenepo. Kenako inabwera sesheni ya magulu a zakudya, zambiri ndi zomwe timaphunzitsana kale, ndiye ndinangolemba manambala a bungwe la WHO poti ndi amene timasowa tikamayankhula ndi anthu. Mchere munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti katiyisupuni kamodzi kosadzaza bwino, ndipo apa akuwerengera ndi mchere wobisika wa m'buledi, m'masoseji ndi m'zokometsera za m'mapaketi zija. Zipatso ndi masamba zikwane magalamu 400 patsiku. Shuga wothira asapitirire 10 peresenti ya mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya, kwa munthu wamkulu ndi matiyisupuni ngati 12, ndipo akuti kutsitsa kufika theka lake ndiye bwino koposa. Inu a BP ndi a shuga manambala amenewa ndi anu, muwasunge.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi sesheni ya masana ya mayi wina katswiri wa za mankhwala. Mayi ameneyu sanayatse n'komwe pulojekita, anangokhuthula chikwama cha mabotolo patebulo, ena olembedwa immune booster (olimbitsa chitetezo cha m'thupi), ena detox (otsuka m'thupi), ena a mphamvu, n'kutigawira kuti aliyense awerenge kumbuyo kwa botolo lake mokweza. Langa linali lokongola zedi, chithunzi cha masamba ndi dzuwa kutsogolo, koma kumbuyo timalemba tating'ono kwambiri tinkanena kuti chinthuchi sichinapangidwe kuti chichize kapena kuteteza matenda aliwonse. Botolo lomwelo kutsogolo likulonjeza chitetezo cha m'thupi! Mayiwo anafotokoza kuti ku America lamulo la 1994 limalola kuti zinthu zoterezi zigulitsidwe boma lisanaziyeze ngati zimagwiradi ntchito, mosiyana ndi mankhwala enieni amene amayamba ayesedwa, ndiye kuona botolo lochokera kunja sizitanthauza kuti wina analitsimikiza.

Ndiye anatigawira mavitamini pawiri. A gulu la B ndi C amasungunuka m'madzi, ukamwa ochuluka thupi limatenga ochepa amene likufuna, otsalawo ambiri amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake ena mukamwa mapilisi aja mkodzo umasanduka wachikasu chowala n'kumati ayamba kugwira ntchito, pamene ndi ndalama yanu ikutuluka. Koma A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta, amakakhala m'chiwindi ndi m'mafuta a m'thupi n'kumaunjikana. Vitamini A akachulukitsa amawononga chiwindi, ndipo kwa mayi woyembekezera akhoza kupundula mwana ali m'mimba. Apa holo yonse inangoti zii, chifukwa tonse tinali ndi maganizo oti vitamini ndi chakudya basi, sangakupweteke.

Anatipatsanso nkhani ya kafukufuku wa ku Finland amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994. Anatenga amuna osuta fodya oposa 29,000, ena n'kumawapatsa mapilisi a beta-carotene, kamene kamapangitsa karoti kukhala wofiirira kaja, poganiza kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo popeza anthu odya masamba ndi zipatso zambiri sadwala khansa kwambiri. Zinatembenuka. Amene ankamwa mapilisiwo anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri ndi 18 peresenti kuposa anzawo. Kafukufuku winanso wofanana ku America anamuimitsa mu 1996 nthawi yake isanakwane ataona zomwezo. Ine ndinazilemba kawiri mu kope langa, chifukwa karoti weniweni sanapwetekepo munthu, koma chinthu chomwecho akachichotsa m'chakudya n'kuchiunjika m'pilisi chimasintha khalidwe.

Musandimve molakwa, mayiwo sananene kuti mapilisi onse ndi achabechabe, ndipo inenso sindikutero. Alipo amene amapulumutsa moyo, kungoti aliyense ali ndi mwini wake. Mayi woyembekezera amafunika ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 ndi folic acid wa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse. Folic acid ameneyu akuti ndi bwino kuyamba mimba isanaime n'komwe, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe kuti ali ndi pakati, ndipo akasowa mwana akhoza kubadwa ndi msana wosatsekeka. Ana a miyezi 6 mpaka 59 kumadera kumene vitamini A amasowa amalandira kadontho kake pakapita miyezi 4 mpaka 6. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa ORS pamodzi ndi zinki masiku 10 mpaka 14, osasiya poti kutsegula kwaleka. Omwa isoniazid wa TB amapatsidwa vitamini B6 kuti mapazi asachite dzanzi kapena kutentha. Omwa metformin, mankhwala a shuga aja, kwa zaka zambiri B12 wawo amatha kutsika, ndipo amene sadya konse nyama, mazira, nsomba kapena mkaka nawonso B12 alibe kwina komupeza. Mukuona kuti paliponse pali munthu wodziwika, vuto lodziwika ndi muyezo wodziwika. Palibe pamene akuti gulani botolo limodzi mugawire aliyense.

Tsopano ndifike pa ife. A komiti anabweretsa ganizo loti titenge ndalama ya m'thumba tigule mabotolo a immune booster kudzera mwa membala mnzathu amene amagulitsa, aliyense alandire lake. Ine ndinakana tsiku lija popanda chifukwa chogwirika, ena mpaka anati ndi nsanje. Lero chifukwa ndili nacho. M'gulu mwathu muli abale amene ali pa ma ARV, ndipo ambiri masiku ano amamwa aja okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa akakumana m'mimba ndi kashiyamu, ayironi kapena magnesium, zimene zimadzaza m'mabotolo a mavitamini osakaniza, amagwirana nazo ndipo salowa mokwanira m'magazi. Lamulo lake ndi loti umwe ma ARV maola 2 usanamwe zinazo kapena padutse maola 6 utamwa, ndipo kashiyamu ndi ayironi angamwedwe limodzi ndi ma ARV pokhapokha ngati ukudya chakudya nthawi yomweyo. Ndani mwa ife akanawauza zimenezi pogawa mabotolowo? Ogulitsawo akuzidziwa? Munthu akanamamwa mankhwala ake mokhulupirika tsiku ndi tsiku, kachilombo n'kumachulukana, ife tikuombera m'manja kuti tathandiza. Palinso chitsamba china chotchedwa St John's wort chimene amaika m'mabotolo ena othandiza nkhawa ndi tulo, chimenecho chimafooketsa ma ARV ndi mapilisi olera omwe. Omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, nawo vitamini K amasokoneza mankhwala awo.

Ndipo poti ndayamba ndinene zonse. Ndinamva ndi makutu angawa, pa msonkhano wathu womwe, wina akuuza mayi wachikulire wa m'gulu kuti akamaliza mabotolo awiri mankhwala a BP akhoza kusiya. Ndinakauza a wapampando tsiku lomwelo, anati tidzakambirana, mpaka lero sizinalowe pa ajenda. Mayi amene uja ndi kholo lathu tonse, akadzagwa ndi sitiroko tidzayang'anana bwanji? Komanso makina oyezera BP tinagwirizana kalekale kuti tigule, zili m'maminitsi, nthawi zonse yankho ndi loti ndalama palibe. Nanga ya mabotolo yapezeka kuti? Ine sindikulimbana ndi bizinesi ya munthu, aliyense amafuna kudyetsa ana ake, koma thumba la gulu si msika wa munthu mmodzi, ndipo mamembala amagula chifukwa amatikhulupirira ife osati chifukwa awerenga botolo.

Tsiku lotsatira kum'mawa kunali za kuchepa kwa magazi ndipo izi nazo ndinazikonda, chifukwa sizifuna ndalama. WHO imati padziko lonse ana 40 pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 ali ndi vutoli, amayi oyembekezera 37 pa 100 aliwonse. Ayironi wa m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba thupi limamutenga mosavuta, koma wa m'nyemba ndi m'masamba obiriwira amavuta kulowa. Chomuthandiza ndi vitamini C, ndiye kufinyira ndimu pa masamba, kudya tomato wosaphika kapena lalanje pa chakudya chomwecho kumapangitsa kuti alowe wambiri. Chomutsekereza ndi tiyi ndi khofi. Akuti tiyi timwe patadutsa ola kapena kuposa titadya, osati kutsitsira chakudya. Anatinso masamba tisamawaphike mpaka kufera m'madzi ambiri kenako madziwo n'kutaya, chifukwa vitamini C ndi folate (folic acid wachilengedwe wa m'zakudya) amathera momwemo, ndipo timafuta pang'ono timathandiza kuti vitamini A wa m'masamba ndi m'karoti alowe m'thupi. Mayi wina anafunsa za amayi amene amasiya mapilisi a ayironi a kusikelo poona chimbudzi chada, anamuyankha kuti kuda kumeneko n'kwachibadwa si matenda, ndipo ngati akuchititsa nseru kapena kudzimbidwa abwerere kuchipatala akawathandize kamwedwe, asangosiya. Mapilisi omwewo tiziwabisa patali, mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa. Komanso kuchepa kwa magazi si nthawi zonse kumachokera ku chakudya, malungo, njoka za m'mimba ndi kutaya magazi ambiri posamba zimabweretsanso, n'chifukwa chake kuyezetsa kumayamba, pilisi pambuyo.

Masana kunali za kalembedwe ka malipoti ndi mafomu, kenako ntchito ya m'magulu, zinatenga nthawi yaitali ndipo mafomuwo ndabwera nawo, alembi awatenge. Sesheni ya masewero olimbitsa thupi inafupikitsidwa poti nthawi inatha.

Pomaliza msonkhano unagwirizana mfundo zingapo. Yoyamba, magulu ngati lathu asalole kugulitsa kapena kutsatsa mavitamini ndi mankhwala azitsamba pa misonkhano yawo. Imeneyi ndinaikwezera dzanja ndi mtima wonse. Yachiwiri, membala aliyense amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali azipita ndi botolo lililonse limene wagula kwa adokotala kapena kwa a za mankhwala asanayambe kumwa, akalione okha. Yachitatu ndi imene sindinagwirizane nayo, akuti gulu lililonse lizilemba zimene membala aliyense wadya pa sabata n'kumatumiza lipoti. Ndinaimirira n'kunena kuti anthu athu ena chakudya chimawavuta kupeza, kuwafunsa kuti alembe zimene adya pamaso pa anzawo ndi kuwachititsa manyazi, ndipo ena adzangolemba zabodza kapena kusiya kubwera. Ambiri anavota kuti ichitike ndiye inadutsa, koma ine ndikupempha kuti kwathu kuno tiichite kwa okhawo amene afuna, ndiponso mosalemba mayina.

Wina mwina afunsa kuti nanga amene alibe chakudya chokwanira, si bwino kuwapatsa mavitaminiwo kusiyana n'kuwasiya? Funso limeneli linafunsidwanso kumeneko. Yankho linali loti pilisi la mavitamini mulibe mphamvu, mulibe zomanga thupi, munthu wanjala akamwa amakhalabe wanjala. Ngati tili ndi ndalama yothandizira abale oterewa, ipite ku mazira, nyemba, mkaka ndi mchere wa ayodini umene umateteza chithokomiro, ndipo amene akuoneka ofooka tiwaperekeze kukayezetsa magazi kuti ngati akufunikadi ayironi kapena B12 alandire woyenera pa muyezo wake.

Ndiye a wapampando, pempho langa ndi loti pa msonkhano ukubwerawu nkhani ya mabotolo ikhale yoyamba pa ajenda ndipo tiivotere poyera, isathere ku komiti. Ndalama imeneyo isatuluke tisanakumane. Nkhani ya makina a BP ibwerenso, amsungichuma atiuze zimene zili m'thumba. Aliyense amene ali ndi botolo kunyumba, kaya anagula kaya anapatsidwa, abwere nalo tidzawerengere limodzi kumbuyo kwake ngati mmene tinachitira kuja, ndipo ndikupempha kuti tiitane wa zaumoyo mmodzi adzakhale nafe kuti ayankhe za mankhwala a munthu aliyense payekha. Kwa mayi athu aja ndipitako ndekha mawa kukaona ngati akumwabe mankhwala awo a BP, amene angathe kundiperekeza andiuze usiku uno.