Wosewera akamwalira, musatinamize kuti wapita ku Joni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amene amalemba masewero opitirira a pa kanema, poti nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi zachuluka ndipo iliyonse ikufuna sewero lake. Mmodzi mwa osewera akamwalira nkhani ili pakati, munthu amene iye ankamuyerekezera uja mumutani? Ine maganizo anga ndi oti naye amwalire m'seweromo, aikidwe m'manda ife oonera tikuona.

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo masewero awa ndawaonera kokwanira. Mu 2015 ndinali ku Manchester kokathandiza mwana wanga wamkazi atangochira. Kumeneko ndinapeza anthu ali pa chisoni chifukwa cha mayi wina dzina lake Anne Kirkbride, amene anasewera ngati Deirdre Barlow mu sewero la Coronation Street kuyambira mu 1972. Iye anamwalira mu Januwale chaka chimenecho ali ndi zaka 60. Pa nthawi imene ankamwalira anali atapempha kale tchuthi, ndiye m'sewero zinkamveka kuti Deirdre wapita kukakhala kwa mnzake, Bev. Olemba sanathamange. Anadikira mpaka mu Julaye, pamene Bev anatulukira ndi uthenga wa maliro, anthu ali kalikiliki kukonza phwando la tsiku lobadwa la Deirdre yemweyo. Mayiyo ankadziwika ndi magalasi akuluakulu amene ankaphimba pafupifupi theka la nkhope, ndipo magalasiwo ndi amene anaperekedwa m'manja mwa mwamuna wake, Ken. Ine amene ndinangoyamba kuonera seweroli ndili komweko misozi inalengeza, nanga kuli bwanji agogo ena oyandikana nawo nyumba amene anakalamba naye limodzi Deirdre. Tsiku la maliro a m'sewerowo anabwera kudzaonera kwathu, ati sangathe kukhala okha.

Kuchedwa kumeneku kuli ndi zifukwa zake. Masewero otere amajambuliratu milungu ingapo, ena miyezi, kotero munthu akamwalira lero mumamuonabe akuyendayenda pa kanema kwa kanthawi. Zojambulidwa kale zikatha, olemba amayenera kusokanso nkhani zonse zimene zinkadutsa mwa iye. Komanso anzake ogwira nawo ntchito ndi anthu. Simungawatenge pa manda lero mawa n'kuwaimika pa kamera kuti alirenso maliro omwewo.

A sewero lina la ku Britain, EastEnders, anachitanso chimodzimodzi ndi June Brown, amene ankasewera ngati Dot, gogo wopemphera koma wosuta fodya kwambiri. Iye anasiya seweroli mu 2020, m'nkhani n'kumati Dot ali ku Ireland. Atamwalira mu Epulo 2022 ali ndi zaka 95, maliro a Dot anawonetsedwa mu Disembala, osewera akale ena n'kubwerera kudzaperekeza, ndipo ana enieni a mayi Brown anali m'gulu la olira pojambulapo. Ku America nako, Frances Reid wa Days of Our Lives atamwalira mu Febuluwale 2010, Alice Horton, amene iye ankamuyerekezera, anamwalira m'seweromo patapita miyezi yochepa chaka chomwecho.

Tsono onani zimene zimachitika olemba akachita mantha. Jim Davis, amene anali Jock Ewing, tate wa banja lolemera la mu sewero la Dallas, anamwalira mu 1981. Kwa miyezi yambiri oonera ankangouzidwa kuti Jock ali ku South America kokafufuza mafuta. Kenako anati helikopita yake yagwa, koma mtembo sunapezeke. Posapezeka mtembo khomo linatsala lotsegula, ndipo patapita zaka zingapo kunabwera munthu wina m'seweromo, Wes Parmalee, n'kumati iye ndiye Jock, nkhope inasintha chifukwa cha ngozi ija. Oonera ambiri anakana, nkhaniyo n'kuithetsa msangamsanga. Mwina ndi chifukwa chake Larry Hagman atamwalira mu Novembala 2012, Dallas itayambiranso, J.R. Ewing, amene iye ankamuyerekezera, anamuika m'manda mu Malichi 2013 osazungulira.

Ena amati kusamupha munthu m'sewero ndiko kumulemekeza. Amene ankaonera The Bold and the Beautiful akukumbukira Sally Spectra, mayi wa tsitsi lofiira wa mawu amphamvu uja. Darlene Conley, amene ankasewera ngati Sally, atamwalira mu Januwale 2007, eni sewero anasankha kuti Sally akhalebe moyo, angomveka kuti akupuma kutali kunja kwa dziko. Ndikumvetsa chikondi chimene chinawachititsa zimenezi. Koma tonse tinkadziwa kuti mayiyo kulibe, ndiye dzina lake likatchulidwa zinkamveka ngati m'mudzi mwagwa zovuta koma akuluakulu akuuza ana kuti agogo apita kumsika.

Kuno kwathu njira yachidule ndi yodziwikiratu. Wolemba angoika mzere umodzi m'kamwa mwa wina, akuti "achimwene anapita ku Joni", basi, nkhani n'kupitirira. Kapena atenge mnyamata wina wofanana msinkhu, amuveke jekete lomwelo, amupatse dzina lomwelo. Kusintha wosewera sindikutsutsa ngati woyambayo ali moyo ndipo wangosiya ntchito. Ronn Moss atachoka mu The Bold and the Beautiful mu 2012, malo ake ngati Ridge Forrester anatengedwa ndi Thorsten Kaye, anthu anadandaula kenako anazolowera. Koma wakale atamwalira ndi nkhani ina, makamaka ku Malawi kuno kumene wosewera ndi dzina lake la m'sewero amasanduka munthu mmodzi. A Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, koma m'minibasi anthu ankangoti Manganya, dzina la mu Tikuferanji. A John Nyanga atamwalira mu 2016, uthenga umene unayenda unali woti Izeki watisiya, ndipo a Eric Mabedi atatsatira mu 2021 tinati Jakobo wapita. Ndani angalimbe mtima kutuluka pa nsanja n'kunena kuti kuyambira lero Izeki ndi iyeyo? Anthu angamukuwize asanamalize chiganizo.

Pali dandaulo limodzi lomwe ndimalimva ndipo ndi lomveka. Akuti maliro a m'sewero amakoka oonera ambiri, otsatsa malonda amalipira bwino tsiku limenelo, ndiye eni sewero amadyerera pa imfa ya mnzawo. N'zoona zingatheke. Koma mankhwala ake si kubisa malirowo. Maliro ali ndi eni ake. Wolemba asanagwire cholembera, apite kaye kwa akubanja, akhale pansi ndi mwini mbumba ndi wamasiye, awafotokozere zimene akufuna kuchita ndi nthawi yake. Akakana, amvere. Akavomera, adikire mwambo wonse uthe, asaonetse bokosi la m'sewero dothi la pa manda enieni lisanaume.

Ndipo asankhe bwino imfa yake. John Aniston atamwalira mu 2022, Victor Kiriakis wa mu Days of Our Lives, amene iye ankamuyerekezera, anamuphera pa ngozi ya ndege. Ine sindinakondwe nazo. Nkhalamba ya zaka 89 imene yatumikira sewero kuyambira m'ma 1980 ikanangogona osadzuka. Wina asadzatilembere kuti malemu analodzedwa ndi mkazi wachiwiri kapena anabayidwa ndi achifwamba pofuna kuti nkhani ikome, ana ake enieni ali pa mpando kunyumba akuonera. Matenda amene anamutengadi munthuyo asalowenso m'seweromo pokhapokha ngati banja lapempha lokha.

Chomaliza n'cha ndalama. Pa maliro otere amakonda kubwereza zithunzi zakale, malemu akuseka, akukangana, akuvina pa ukwati. Ndi zimene zimatiliza kwambiri. Osewera athu ambiri amamwalira opanda penshoni, ena mpaka anzawo kusonkherana za bokosi. Ndikupempha mabungwe a azisudzo ndi eni nyumba za kanema kuti alembe m'makontirakiti kuti nkhope kapena mawu a wosewera womwalira zikagwiritsidwanso ntchito, wamasiye ndi ana alandirepo gawo, ndipo gawolo lilembedwe wosewerayo akadali moyo kuti asainire yekha.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre