Kalata kwa mpingo wonse pa za msonkhano wosankha njira ya msewu waukulu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a chigwirizano ndi achinyamata m'miraga yathu yonse,

Mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu.

Mwamva kale kudzera kwa mafumu athu kuti kukubwera msonkhano womwe akatswiri a misewu adzatifunse maganizo pa njira yomwe msewu waukulu udzadzere akamaukonzanso: kaya utsate momwe ulili pano, kudutsa pakati pa msika, kaya ulambalale kudzera m'minda. Pempho langa ndi loti mukapezekeko, ndipo mukapite mutakonzeka. Nthawi yomwe mawu a munthu wamba amatha kusuntha mzere wa pamapu ndi ino, mzerewo usanavomerezedwe. Oyeza malo akadzakhoma zikhomo n'kulemba chizindikiro chofiira pakhoma la nyumba, chotsala chimangokhala kukambirana mtengo wa katundu. Madzi akatayika saoleka.

Dziwani kuti kufunsidwaku si chifundo cha munthu ayi. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yayikulu chotere isayambe pasanachitike kafukufuku woona momwe idzakhudzire anthu ndi malo awo, uja amamutchula kuti ESIA, ndipo lipoti lake limavomerezedwa ndi bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Mu lipotimo amayenera kuonetsa njira zomwe anaziganizira, chifukwa chomwe asankhira imodzi, ndi zomwe eni dera ananena. Mawu omwe alembedwa m'maminitsi a msonkhano amakafika kwa opanga chiganizo. Odandaulira m'njira pobwerera kunyumba sakafika kulikonse.

Ambiri tikamva za msewu timaganiza za phula lokha, lomwe m'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 7. Koma msewu waukulu uliwonse wa dzina loyamba ndi M, monga M1, uli ndi malo ake otetezedwa okwana mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo, kuyeza kuchokera pakati pa msewu. Msewu watsopano ukadutsa m'minda, kilomita imodzi yokha imadya mahekitala 6, omwe ndi maekala pafupifupi 15. Banja lolima ekala imodzi ndi theka lingathe kutsala ndi tizidutswa tiwiri, china tsidya lino china tsidya ilo. Achinyamata, dulani chingwe cha mamita 30, muyende nacho m'mbali mwa msewu uno ndi momwe akuti njira yolambalala ingadzere, mulembe nyumba, maokala, zitsime, mijigo ndi mitengo yazipatso yomwe ikugwera mkati. Ndipo pamsonkhanopo wina afunse momveka: kodi pamsika adzachotsa zonse za m'mamita 60 aja, kapena zokhazo zomwe zili pomwe makina adzagwire ntchito? Yankho la funso limeneli lingasinthe chiwerengero cha ogwetseredwa nyumba kwambiri.

Njira yodutsa pamsika ili ndi ubwino wake woonekeratu. Wogulitsa tomato, wootcha chimanga, wa kabaza, wa golosale, onse amadya chifukwa galimoto zimaima pano. Vuto lake ndi loti msewu ukasalala liwiro limakwera, ndipo mathiraki olemera amadutsa pomwe ana athu amaolokera popita kusukulu. Ngati anthu asankha njira imeneyi, musangoti "tikufuna chitetezo". Tchulani zinthu ndi malo ake: mahampu polowera ndi potulukira pamsika, pooloka pojambulidwa bwino patsogolo pa sukulu ndi pachipatala, kanjira ka oyenda pansi ndi njinga kolekanitsidwa ndi phula, siteji ya maminibasi yolowa mkati kuti asamaime pamsewu, ndi malo ena a msika komwe ochotsedwa m'mbali adzapite. Zimenezi zikalowa m'mapulani, ndalama yake imakhalapo. Zikakumbukiridwa kontilakitala atayamba kale, yankho limakhala lakuti sizili mu kontilakiti.

Palinso nkhani yowawa kwa omwe anamanga mkati mwa malo a msewu. Pamaso pa lamulo malowo si awo, ndiye chipukuta misozi cha malo sachiyembekezera. Koma mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank, African Development Bank ndi European Investment Bank ali ndi malamulo awo ofuna kuti ngakhale wopanda chikalata cha malo athandizidwe pa nyumba yake ndi bizinesi yake. Ntchito yokonza makilomita 301 a msewu wa M1 yomwe inayamba mu 2022, kuyambira pamphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, ndalama zake zinachokera ku European Investment Bank ndi European Union. N'chifukwa chake funso lakuti "ndalama za msewu uno zikuchokera kuti, ndipo malamulo a ndani ndi omwe agwiritsidwe ntchito?" ndi lofunika kulifunsa koyambirira.

Njira yolambalala imachotsa mathiraki pakati pa anthu. Ku Lilongwe, msewu wolambalala wochokera pamphambano ya ku Bunda kukafika pamsewu wa Mchinji unamangidwira zomwezo. Koma Lilongwe ndi mzinda womwe malonda ake sadalira apaulendo okha, pomwe pamsika pathu ambiri amadalira iwowo. Funsani ngati padzakhale msewu waphula wolumikiza msika ndi njira yatsopanoyo, komanso amene adzasamalire msewu wakale, chifukwa ukasiyidwa opanda mwini umadzala maenje m'nyengo zochepa za dzinja.

Sindidzaima paguwa kukuuzani njira yoti musankhe, koma chomwe chikundidetsa nkhawa ndichinene. A malonda amadziwana, ali ndi komiti yawo, ndipo amadziwa kuyankhula pagulu. Eni minda yomwe njira yolambalala ingadye ndi omwazikana, ndipo ambiri ndi amayi achikulire ndi amasiye omwe pamsonkhano amakhala pansi kumbuyo, osatsegula pakamwa. Okala ikagwetsedwa imamangidwanso pena. Munda ukapita, m'dera lomwe mfumu ilibenso malo ogawa, wapita mpaka kwa zidzukulu. Miyambo 31:8-9 imatilamula kutsegula pakamwa pathu m'malo mwa osatha kudziyankhulira. Amayi a chigwirizano, yendani khomo ndi khomo, mumve nkhawa za amenewa, ndipo mupemphe kuti amayi akhale ndi nthawi yawoyawo yokumana ndi akatswiriwo. Kupempha zimenezi n'kololedwa.

Tsopano za madzi, zomwe inu mukuzidziwa kuposa mlendo aliyense wobwera ndi mapu. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anationetsa momwe madzi amadulira misewu ndi kukokolola milatho. Msewu wodutsa padambo amaukweza ndi dothi, ndipo makalavati akachepa kapena akaikidwa pamalo olakwika, mtumbira umenewo umatchinga madzi ngati damu. Kumtunda madimba amamira. Kumunsi madzi amatuluka pamalo amodzi mwamphamvu, n'kung'amba chigwembe m'munda wa munthu yemwe sanalembedwe n'komwe pa mndandanda wa okhudzidwa. Akuluakulu omwe mukukumbuka pomwe madzi anafika chaka cha chigumula, mukawatenge akatswiriwo mukawalozere pamalopo, pamtengo kapena pamwala womwe madzi analekezera. Mufunsenso komwe ngalande iliyonse idzathirire, ndiponso ngati potulukira pake adzayalapo miyala kapena kumanga ndi simenti.

Manda nawo asaiwalike. Pamapu ojambulidwa kuchokera kumwamba, manda akale amangooneka ngati kankhalango, ndipo pomwe panagona ana nthawi zambiri palibe chiliza. Manda sasamutsidwa mwachisawawa: pamafunika mafumu, eni maliro, khonsolo ndi nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale. Chophweka kwa onse ndi kukhotetsa mzere pang'ono usanavomerezedwe. Lembani manda onse, ngakhale osiyidwa, ndipo malo a miyambo a anzathu omwe sitipemphera nawo alembedwenso. Ndi anansi athu.

Pa za chipukuta misozi, malamulo aakulu a dziko lino, mu ndime 44, amati katundu wa munthu angatengedwe pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwini wake atadziwitsidwa mokwanira ndi kulipidwa moyenera, ndipo ufulu wokadandaula kukhothi umakhalapo. Njira ikasankhidwa, kumabwera kalembera wa okhudzidwa, ndipo amalengeza tsiku lotsekera. Chomangidwa kapena chobzalidwa tsikulo litadutsa sichiwerengedwa. Kenaka owerengera mitengo amayeza nyumba, kuona ngati ndi ya njerwa zootcha kapena zosaotcha, ya malata kapena ya udzu, n'kuwerenga mitengo yazipatso umodziumodzi malinga ndi mtundu ndi msinkhu wake.

Zolakwika zambiri zimachitikira apa. Tsiku la kalembera mwini wake amakhala ali kumaliro kapena ku Joni, ndiye amalembedwa ndi wina. Khitchini, bafa, chimbudzi, khola, nkhokwe ndi mpanda zimaiwalika chifukwa wolemba wangoona nyumba yayikulu. Munda ndi wa mayi, wochokera kwa amayi ake, koma papepala palembedwa dzina la mkamwini chifukwa ndi amene anapezeka pakhomo, kapena la malume chifukwa ndi mwini mbumba. Wochita lendi amasiyidwa, pomwe bizinesi yomwe ikutsekedwa ndi yake. Dzina la pafomu limasiyana chilembo chimodzi ndi la pa chiphaso cha unzika, ndalama n'kukanika kubanki miyezi. Choncho banja lililonse likhale pansi tsopano, ligwirizane dzina loti lilembedwe. Werengani nokha katundu wanu, mulembe mu kope, mujambule ndi foni. Musasaine kapena kudinda chala papepala losalembedwa kapena lomwe sanakuwerengereni m'Chichewa, ndipo mupemphe kope yanu ya fomuyo. Abrahamu pogula munda wa Makipela, mu Genesis 23, anayeza masekeli 400 a siliva pamaso pa anthu onse a pachipata cha mudzi. Nkhani ya malo imafuna mboni.

Funsaninso kuti pakati pa kuwerengera ndi kulipira padzadutsa nthawi yotani. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anawerengeredwa nyumba kusanachitike kutsika kotere, n'kulipidwa pambuyo pake, ndalamayo sigulanso malata ndi matumba a simenti omwewo. Pemphani kuti zilembedwe kuti malipiro akachedwa adzawerengeranso, kuti palibe wogwetseredwa nyumba asanalandire zonse, ndiponso kuti makina asalowe m'munda mbewu zisanakololedwe.

Pano ndiyankhule ngati mbusa wanu. Mphekesera ya msewu ikamveka, ena amaumba tinyumba usiku, ena amazika timitengo ta mango tothinana m'mzere, ena amagawa munda umodzi kwa ana asanu papepala. Mkhristu asachite zimenezi. Ndi kuba, ndipo owerengera akazindikira chinyengo amayamba kukayikira mudzi wonse, malipiro a osalakwa n'kuchedwa. Chimodzimodzinso aliyense wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lanu lilowe kapena mtengo ukwere, mukaneni ndipo mukamunene. Samalaninso ndi ogula malo othamanga, odza ndi ndalama m'manja msonkhano usanachitike. Musagulitse musanadziwe komwe msewu udzere.

Za nthawi yomanga ndingotchula mwachidule, koma zilowe m'maminitsi. Maenje okumbamo dothi akwiriridwe ntchito ikatha, chifukwa akadzadza madzi ana amamiramo ndipo udzudzu umaswana. Misewu yodutsira podikira phula azithira madzi kuchepetsa fumbi. Kampu ya ogwira ntchito ikhale kutali ndi sukulu, ndipo pakhale malamulo olembedwa oteteza ana athu aakazi. Ntchito zosafuna luso lapadera apatsidwe a konkuno, amayi omwe. Komiti yolandira madandaulo isankhidwe poyera, tidziwe komwe imakhala ndi masiku omwe iyenera kuyankha.

Patsikulo fikani msanga ndipo mulembetse dzina mu kaundula wa obwera. Pemphani kuti mapu apachikidwe poonekera, alozepo sukulu, mjigo ndi mlatho kuti aliyense adzizindikire pomwe ali. Woyankhula anene dzina lake, mudzi wake, malo enieni ndi chomwe akupempha, mwaulemu, osalowetsamo zachipani. Msonkhano usanatsekedwe, wina apemphe kuti mfundo zomwe zalembedwa ziwerengedwe mokweza, ndipo kope ya maminitsi isiyidwe kwa mfumu yayikulu ndi ku komiti ya chitukuko ya ADC. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limatilola kupempha lipoti la kafukufukuyu likadzatuluka.

Sabata likudzali, mapemphero akatha, akulu ampingo a mraga uliwonse atsale ndi mabanja omwe ali m'mbali mwa njira ziwirizi. Alembi abwere ndi makope, ndipo aphunzitsi omwe muli mumpingo muno muthandize osatha kulemba. Zomwe tidzasonkhanitse tidzazilemba m'kalata imodzi, yopita kwa mafumu ndi kwa bwanamkubwa wa boma, ndipo aliyense wa m'dera lino, wa mpingo uno kapena ayi, ali ndi ufulu woikamo nkhawa yake. Odwala ndi okalamba omwe sangathe kuyenda, atumiki akawapeze kunyumba Lachisanu lisanafike.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wa mpingo