Lipoti la msonkhano wa kayezedwe ka pulasitiki pa makina a DSC

A wapampando ndi anzathu nonse a m'labotale,

Munatituma kuti tikamve njira zoyezera mmene pulasitiki imasinthira ikamatenthedwa. Nthawi yambiri inathera pa makina a DSC, amene amayerekeza kutentha kolowa m'kambale kokhala ndi pulasitiki ndi kolowa m'kambale kopanda kanthu.

Musanayeze chilichonse, yambani mwayesa makinawo ndi chitsulo cha indium, chomwe chimasungunuka pa madigiri 156.6. Makina akaphonya pamenepa, manambala onse otsatira ndi abodza. Kachidutswa ka pulasitiki kazilemera mamiligalamu 5 mpaka 10, kakhale kopyapyala, kogona bwino pansi pa kambale ka aluminiyamu. Kakakhala kanjintchi, m'kati mwake mumachedwa kutentha, ndiye nsonga ya pa graph imene makinawo amajambula imatambasuka n'kusunthira ku madigiri okwera. Mpweya wa nitrogen uziyenda mamililita 50 pa mphindi, kutentha kuzikwera madigiri 10 pa mphindi.

Chachikulu chimene tabwera nacho n'chakuti kutenthetsa kamodzi sikukwana. Pulasitiki imasunga mbiri ya mmene anaiumbira ku fakitale, choncho ulendo woyamba umaonetsa mbiriyo, osati khalidwe lake lenileni. Titenge botolo la pulasitiki ya mtundu wa PET: mutenthe kachidutswa kake mpaka madigiri 280, kakhale pamenepo mphindi zisanu, mukaziziritse mwachangu, kenako mutenthenso. Ulendo wachiwiriwu mudzaona zinthu zitatu. Cha pa madigiri 75 mzere umapindika ngati sitepe; imeneyi ndiyo Tg, pomwe pulasitiki imasiya kuuma ngati galasi n'kuyamba kufewa. Pakati pa 120 ndi 140 pamaoneka nsonga, pomwe imatulutsa kutentha chifukwa tizigawo take tikudzisanja kukhala makristo. Cha pa 250 imasungunuka. Mukaziziritsa pang'onopang'ono, makristo amapangikiratu ndipo nsonga yapakatiyo imachepa kapena kuzimiririka.

Powerengera kuchuluka kwa makristo, chotsani kutentha kotuluka pa nsonga yapakati pa kutentha kosungunulira, zotsalazo mugawe ndi 140 J/g (majoule pa galamu), komwe ndi kutentha kosungunulira PET yokhala makristo okhaokha. Ambiri amaiwala kuchotsako, nambala n'kutuluka yaikulu mopitirira.

Chinyezi nachonso chimanamiza. Nylon 6 youma Tg yake imakhala cha pa madigiri 50, koma ikayamwa madzi imatsika kwambiri, choncho iumitsidwe kaye. PVC musaiponye m'makina mwachisawawa: ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya sensa. Yambani ndi TGA, makina oyeza mmene kulemera kwa kachidutswa kumachepera kakamatenthedwa, kuti mudziwe pomwe imayambira kuwonongeka.

Kwa ife ogaya mabotolo, phindu lili apa: zitsekerero zikasakanikira mu PET zimadziulula zokha posungunuka, za pulasitiki ya HDPE cha pa madigiri 130, za PP cha pa 165.

Za DMA, njira yoyeza kulimba kwa pulasitiki poipindapinda ikamatenthedwa, ophunzitsa anangozidutsa. Imapeza Tg ngakhale yobisika, koma nambala yake imakwererapo kuposa ya DSC, ndiye polemba zotsatira muzitchula njira yomwe mwagwiritsa ntchito.

Tikupempha komiti ivomereze kugula indium yoyesera makina, sikelo yowerenga mpaka mamiligalamu 0.01, ndi uvuni woumitsira zidutswa.

Ndife nthumwi zanu.