Kwa mwana wanga amene akuyesa mankhwala pa makoswe

Ngabu, Chikwawa

Wokondedwa mwana wanga,

Tamva kuti tsopano ukuyesa mankhwala ophera tizilombo pa makoswe, ndipo gawo lako ndi tiziwalo ta adrenal, tija timakhala pamwamba pa impso. Amayi ako akuti uzivala magolovesi. Ine langa ndi lina.

Kachiwalo kameneka sikachedwa kudzidzimuka. Mu 1936 wasayansi wina, Hans Selye, ali ku Montreal, anaona kuti khoswe akazizidwa, akavulala kapena akatopetsedwa kwambiri, adrenal yake imakula, kaya chomuvutitsacho n'chiyani. Ndiye ukapeza yokula usathamangire kuloza chala mankhwala. Yamba wafunsa ngati makoswewo ankadya bwino, chifukwa mankhwala ena amangochotsa chilakolako cha chakudya, njalayo n'kumavutitsa thupi payokha. Funsanso ngati anawapanikiza m'khola, ndiponso ngati m'chipindamo munkatentha. Iwe wakulira kuno kuchigwa, ukudziwa mmene ng'ombe zimachitira wefuwefu dzuwa la Okutobala likaswa mtengo. Ngakhale kagwiridwe kokha, ukamugwira khoswe mwaukali, homoni ya corticosterone, yomwe imapangidwa ndi adrenal, imakwera m'magazi pa mphindi zochepa. Makoswe osapatsidwa mankhwala, amene umayerekezera nawo opatsidwawo, uziwasamala mofanana ndi anzawo, nthawi yake yomweyo, ndi manja omwewo. Kupanda kutero, ukhala ukuyesa nkhanza zako.

Usaphatikize makoswe aakazi ndi aamuna powerengera kulemera kwa adrenal, pakuti adrenal ya khoswe wamkazi imakhala yaikulu mwachibadwa. Makoswe okalamba nawo, makamaka aamuna, amatuluka zotupa mkatikati mwa kachiwaloka popanda wowamwetsa kanthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu. Alimi a thonje kuno amapopera mankhwala ali chifuwa pamtunda, opanda chotchinga kumphuno, mphepo ikubwezera nkhungu yonse kumaso. Akamva kuti mwana wa pakhomo pano amayesa mankhwala, adzakufunsa ngati awa kapena awo ndi oopsa. Usadzawayankhe kuti poti khoswe sanadwale ndiye palibe vuto. DDD, mankhwala ophera tizilombo, m'bale wake wa DDT, anawononga mbali yakunja ya adrenal mwa agalu pamene makoswe sanaonetse zoterozo, ndipo lero mankhwala ochokera kwa iye, otchedwa mitotane, amapatsidwa kwa anthu odwala khansa ya adrenal. Pamenepo munthu anafanana ndi galu, khoswe anakhala kumbali.

Chomwe waona pa maikulosikopu ulembe momwemo, ngakhale bwana wako kapena opereka ndalama za kafukufuku akuyembekezera zina. Chikakukayikitsa, itana mnzako wodziwa aonenso asanauzidwe kuti kachiwalo kali pagalasi la maikulosikopuko ndi ka gulu liti la makoswe.

Ukabwera pa Khirisimasi udzalankhule ndi amalume ako. Akusungabe tameki m'kabotolo pafupi ndi mchere kukhitchini, ine ndanena mpaka kutopa.

Ndine,
Bambo ako