Digiri ya unesi ya chaka chimodzi ku America si ya aliyense

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatenga malo m'magulupu a WhatsApp, eti ku America kuli sukulu zoti ukalowa Januwale pofika Disembala ndiwe nesi wa digiri. Ine ndimakhala ku Indiana, ndimasamalira okalamba, ndipo foni yanga siikupuma, aliyense akufuna ndimupezere malo mwana wake.

Sukuluzi zilipodi, amati accelerated BSN, kutanthauza digiri ya unesi yophunzira mofulumira, ndipo zimatenga chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka. Chomwe ofalitsa uthengawo sakunena n'choti zambiri mwa sukuluzi zimalandira okhawo amene ali kale ndi digiri ina, kaya ya zaulimi kaya ya uphunzitsi. Wa MSCE salowa ayi, ameneyo alembere ku KUHeS, ku Mzuni kapena makoleji a CHAM ngati Nkhoma ndi Malamulo. Ngakhale wa digiriyo amamuuza kuti ayambe wakhoza anatomy, physiology, microbiology ndi kemisitiri, zimene pazokha zikhoza kudya chaka china, komanso pepala lake la ku Chanco kapena ku Bunda liyambe launikidwa ndi mabungwe ounika mapepala a maphunzo akunja ngati WES.

Ndiye ukalowa mkatimo ndi ntchito yakalavula gaga, holide yeniyeni palibe. Mayi wina amene timapemphera naye anachita sukuluyi, ankadzuka kusanache kupita ku wodi shifiti ya maola 12, pobwera mabuku mpaka pakati pausiku, nsima ankaphika Lamlungu ya sabata yonse n'kumangotenthetsa, timapepala ta mayina a mankhwala anamata mpaka pagalasi la kubafa. Ntchito anasiya, lendi ankalipira ndi amuna awo okha. Fizi ndi madola masauzande makumi angapo, ndipo amene wabwera pa viza ya sukulu amaloledwa ganyu ya maola 20 okha pa sabata, pakampasi pomwepo, ndiye zoti ndikadzilipirira ndekha ndikafika iwalani.

Digiri ikatuluka sunakhalebe nesi. Pali mayeso a NCLEX-RN apakompyuta, mafunso pakati pa 85 ndi 150, maola 5, ukakhoza m'pamene bodi ya manesi ya state yomwe ukukhala imakupatsa layisensi.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi madobadoba. Mu Januwale 2023 boma la America linaulula chinyengo cha ku Florida, pa kafukufuku amene anamutcha Operation Nightingale, pomwe anthu anagulitsa mapepala abodza a unesi oposa 7,600. Ambiri mwa ogula anali anthu ngati ife tomwe, osamalira odwala amene anatopa ndi malipiro ochepa. Ogulitsa ena anamangidwa, ogula ena analandidwa malayisensi, ndalama zija zinapita. Ndipo taganizani wodwala amene akubayidwa jekeseni ndi munthu woti dozi sanaphunzire kuwerengetsa, zimandiopsa ine.

Munthu akakuuzani kuti tumizani dipoziti pa Airtel Money malo ndasunga kale, mufunseni dzina la sukulu, mulowe pa intaneti muone ngati ili pa mndandanda wa CCNE kapena ACEN, mabungwe ovomereza sukulu za unesi ku America, ndiponso ngati bodi ya state imeneyo imaivomereza. Kuona zimenezi n'kwaulere, bandulo basi. Inunso akonzi, maejenti akabwera ndi malonda oti muike m'nyuzipepala, muziwafunsako mafunso omwewa musanalandire ndalama zawo.

Ine wowerenga wanu,
South Bend, Indiana